Ampulifaya ya ku Limbe

Ndinkasamalira mkulu wina wachimwenye ku Al Rigga mumzinda wa Dubai, m'fulati ya mwana wawo wamkazi. Sitiroko inawapha dzanja ndi mwendo wakumanja, n'kuwatsekanso pakamwa. Ife anamwino tinazolowera odwala otere: umawasambitsa, kuwadyetsa, kuwatembenuza, osayembekeza yankho. Choncho mchemwali wanga akaimba foni kuchokera ku Balaka, ndinkalankhula momasuka pambali pa bedi.

Pakona ya chipindacho panali chichitsulo chotuwa chimene ndinkadana nacho pokolopa, chifukwa sichinkasunthika. Pamwamba pake panali mababu agalasi oimirira ngati mabotolo a mankhwala, kumbuyo kwake mabokosi akuda olemera. Mwana wawo anandiuza kuti ndi ampulifaya, yokuzira mawu a zimbale, yolumikizidwa pamanja ku Mangalande iye asanabadwe. Mabokosiwo anati ndi mathiransifoma, odzaza waya wamkuwa. Inali itafa kalekale.

Tsiku lina mayiyo, mwana wawo uja, anaitumiza ku Ras Al Khor kwa wokonza zamagetsi. Itabwera, amuna awiri anainyamula akubuula. Mayiyo atayatsa, sinalire.

"Khalas, basi, aiwonongeratu," ndinatero.

"Dikirani, sisitala. Mababuwa amayamba atentha kaye."

Anayaka pang'onopang'ono, kufiira ngati makala, chipinda n'kununkha fumbi lopsa. Mayiyo anatola chimbale chakale chopanda chikuto n'kuikapo. Kunamveka banjo, kenaka mawu a mwamuna akuimba m'Chichewa, oyera ngati waima kuseri kwa katani. Ndisanafunse n'komwe, kubedi kunachokera mawu okhakhala.

"Kweza pang'ono, mwana wanga."

Kapu ya madzi inandipulumuka. Mkuluyo ankandiyang'ana.

"Agogo, mumalankhula Chichewa?"

"Ndinabadwira ku Limbe." Kenaka anafunsa, "Mwana wako uja... malungo... wachira?"

Ndinakhala pansi, pasimenti pomwepo. Zonse zimene ndinkauza mchemwali wanga, za mwana, za bambo ake amene anatisiya, mkuluyu ankazimva.

Mwana wawo ankangotiyang'ana, misozi ili chuchuchu. Iye anabadwira ku Dubai, Chichewa sadziwa ngakhale moni, ndipo ankayesa kuti ndine wa ku Kenya. Anandigwira mkono. "Akuti chiyani? Chonde, akuti chiyani?"

Kwa mkuluyo, Chingerezi ndi chinenero cha makolo awo sizinabwererenso. Chinatsala ndi Chichewa cha mayi amene anawalera ali khanda kuseri kwa sitolo. M'masabata otsatira anandisimbira modukizaduka kuti ankagulitsa mawailesi, kuti ampulifayayo inadzera ku Beira pasitima, ndipo pochoka ku Malawi anasiya mipando yonse koma iyo anakana kuisiya.

Kuyambira pamenepo ntchito yanga inawonjezeka. Mayiyo akaweruka ankakhala mbali ina ya bedi, ine mbali inayi, n'kumamasulira zimene bambo ndi mwana wake akuuzana. Zina zinali zoti mlendo sayenera kumva, koma panalibe wina woti awathandize.