Kagalu Koyang'ana Mapazi

Kwathu galu amagona panja ndipo amadya zotsala. Choncho nditayamba ntchito yosamalira mayi wina wokalamba ku Dún Laoghaire, kufupi ndi Dublin, zinkandipsetsa mtima kuti ine, ntchembere ya ana atatu, ndizipesa galu. Kanali ka mtundu wa Pekingese, kamphuno kophwatalala, maso otong'oka, ubweya wosesa pansi. M'mawa uliwonse ndinkakapukuta m'makwinya a kumaso ndi thonje lonyowa, chifukwa ukalekerera mumatuluka zilonda. Mayiwo ankati makolo a kagaluka ankakhala m'nyumba za mafumu ku China, akuluakulu n'kumayenda nawo m'mikono ya malaya. Matamawo kanabadwa nawo. Ukakaitana kankangokuyang'ana ngati wantchito wake, ndipo kunena zoona ndinalidi wantchito wake.

Pamiyendo pa mayiwo sikankachokapo. Koma tsiku lina kanatsika, n'kukhala pansi, n'kumangowayang'ana mapazi, osauwa, osadya. Sabatayo isanathe mayiwo anatisiya. Ana awo analibe nako ntchito, ndiye ndinapita nako kunyumba kwathu ku Tyrrelstown.

Kumeneko kanasankha bambo a kunyumba, omwewo amene ankati galu wam'nyumba ndi misala ya azungu. Posakhalitsa ankaonera nako mpira, kali pamiyendo.

Loweruka lina masana, kunja kukuwala bwinobwino, ndinakapeza pansi kali duu, maso pa mapazi a bambo.

"Bambo, valani jekete. Tikupita ku Beaumont."

"Ku hospital chifukwa cha galu? Mayi, zamalodza mwafika nazo mu Dublin muno? Ndi heartburn chabe iyi, chilungulira basi."

"Heartburn yake iti? Bwanji osandiuza?"

Ndinalalata mpaka anakwera galimoto. Madokotala anapeza kuti mtsempha wa kumtima watsala pang'ono kutsekeka, ndipo anawagoneka tsiku lomwelo. Namwino wina wa ku Zambia anandiuza kuti agalu ena amanunkhiza matenda. Mwina n'zoona. Ine ndimakaopabe, ngakhale tsopano ndimakapesa mosamala kuposa mmene ndinkapesera ana anga.

Bambo anachira, kagalu n'kubwerera pamiyendo pawo. Ndiye dzulo m'mawa, tikumwa tiyi, ndinaona kuti asiya kutafuna. Ndinatsatira maso awo. Kagalu kanali pansi patsogolo panga, kali duu, kakuyang'ana mapazi anga. Bambo anadzuka n'kukanditengera jekete langa.