Tinangoti Tamva

Kwathu ku Tsangano malire anali msewu. Msewu wafumbi wamba, woti nkhuku inkawoloka m'mawa kukadya ku Malawi, madzulo n'kudzagona ku Mozambique. Midzi inali iwiri, wathu mbali ya kuno ku Mozambique, wawo tsidya la msewu ku Malawi, koma manda anali amodzi, m'kankhalango ka kumunsi kwa minda yathu ya kachewere. Mwambo wake tinaupeza: munthu sakumba manda a m'bale wake. Tikaferedwa ife, a tsidya ankabwera ndi makasu kudzakhala adzukulu athu. Akaferedwa iwo, amuna a kwathu ndiwo ankakumba.

Amuna anga anali a tsidya. Ndinawaonera koyamba pamaliro a malume anga, ali m'dzenje lofika m'chiuno, akuuza anzawo kuti malemuwo anali aulesi moti ngakhale kufa anachita kuchedwa nako. Ndinapsa mtima kwambiri. Chaka chotsatira anali atamanga nyumba kuseri kwa nyumba ya amayi anga, ali pa chikamwini. Musandifunse kuti zinayenda bwanji.

Mdzukulu akakhala pantchito saimbidwa mlandu. Atha kugwira tambala wanu, kuseka dazi la mkulu aliyense, kunyoza malemu pamaso pa anamfedwa, inu n'kungomeza. Amuna angawo ufulu umenewu ankaukonda kuposa mowa. Pakhomo anali munthu wofatsa, mkamwini wodziwa malo ake, wopereka moni kwa apongozi ali chogwada patali. Koma akangogwira khasu la kumanda, pakamwa pankatseguka ngati chitseko chothyoka.

Masiku amenewo pakamwa panali pangozi mbali zonse ziwiri. Kwawo munthu ukadandaula za mtengo wa feteleza pamowa, kunkabwera galimoto, ndipo abale ako ankaleka kutchula dzina lako. Kwathu kunali misonkhano ya Viva, yokweza nkhonya mpaka phewa kuwawa, pomwe m'tchire munali ena amfuti amene ankadula milomo ya okweza nkhonyawo. Choncho malo okha amene anthu a maiko awiriwa ankayankhulako zakukhosi anali kumanda. Kazitape sankakonda kufikako, ndipo akafika ankapatsidwa khasu.

Akazife tinkaima m'mphepete ndi mitsuko ya thobwa, makutu ali tcheru.

"Wailesi yanu yati kwanu kulibe nkhondo, kuli timbava towerengeka," ankayamba motero amuna anga, akuponya dothi. "Nanga ameneyu tikumukumbirayu wafa ndi chimfine?"

"Yanuyo bwanji?" ankabweza alongo anga aakulu, atakhala pa chitsa. "Imati kwanu aliyense ngokhuta. Ndiye mumadzafuna chiyani m'nkhokwe zathu?"

Ankatsutsana mpaka dzenje kutha, nthawi zina mpaka kulozana zala. Koma nkhani zenizeni zinkathera pomwepo. Za ng'ombe zomwera padambo limodzi zinathera kumanda. Anthu atayamba kufika kuchokera ku Macanga, ena a ku Chidzolomondo, ena a kufupi ndi Furancungo, atasenza mitolo, mapazi atatupa, osafuna kunena zimene anaona, kunali kumanda komwe midzi iwiri inagawana mabanjawo, awa kwa uje, awa tsidya. Chimene chagwirizanidwa kumeneko chinkagwira, chifukwa aliyense anali ataikapo mlomo, ndi wogonja yemwe.

Kenako maliro anachuluka. Makasu sankauma dothi. Utsi tinkauona kumadzulo, lero kuseri kwa phiri lakutali, sabata yamawa kuseri kwa lapafupi. Agalu a anthu othawa ankafika okha, eni ake osaoneka.

Tsiku lina m'mawa, amuna ali kumanda kukumbira kamwana ka mayi wina wa ku Macanga, kunabwera magalimoto awiri, ina kuchokera ku boma la kwathu, ina ku boma la kwawo. Anaika tebulo pakati pa msewu, miyendo iwiri kuno, iwiri uko. Asilikali anakatenga amuna kumanda dzenje lisanathe. Anatikhazika aliyense mbali ya dziko lake, ife kuno, iwo uko, kumayang'anana ngati sitidziwana. Amuna anga anakhala kuno, pafupi ndi alongo anga, miyendo ili mbuu ndi dothi.

Mkulu wa kwathu, amene tinkangomuti sekeretariyo, anali wochokera kutali kummwera, Chichewa osachidziwa, ndipo ankayankhula kudzera mwa womasulira. Mkulu wa kwawo anali wa tayi, Mchewa ngati ife. Anayamba ndi kutamandana. Anati maiko awiriwa ndi pachibale, magazi amodzi, ndipo akuluakulu akhala pansi m'tauni n'kugwirizana ngati abale. Ndinayamba kuopa pomwepo. Chibale chathu tinkachidziwa tokha, sichinkafuna tebulo.

Zimene anagwirizanazo zinali izi. Chakudya chikumadutsa m'tinjira n'kukafika kwa a m'tchire, choncho tinjira tonse titsekedwa, kutsala chipata chimodzi, ulendo wa tsiku lathunthu kuchokera kwathu. Munthu aliyense azigona m'dziko lake ndi kuikidwa m'dziko lake. Akamwini ochokera tsidya abwerere kwawo mwezi usanathe.

"Mwamva?" anafunsa womasulira.

Tonse, mbali zonse ziwiri, tinayankha monga tinaleredwera: "Tamva."

Kwathu mlendo akabwera ndi nkhani yolemera sitimuyankha pomwepo, n'chipongwe. Timati tamva. Ndiye kuti mawu alowa m'khutu, tikawatafune kaye, tikafunsane, yankho mudzalimva. Wofunsira mbeta akauzidwa kuti tamva sathamangira kukamweta udzu wa nyumba. Tsiku limenelo aliyense ankadziwa kumene nkhaniyo ikatafunidwe, pakuti dzenje linali kudikira.

Womasulira anatembenukira kwa sekeretariyo n'kunena mawu amodzi. Sekeretariyo anamwetulira, n'kuimirira.

"O povo concordou!" anakuwa, kutanthauza kuti anthu avomera. "Viva!"

Womasulirayo sindimusungira kanthu, anali ndi mantha ngati ife. Amene ndimamusungira mpaka lero ndi wa tayi uja. Iye anayamwa Chichewa, ankadziwa bwino lomwe kuti tamva n'chiyani. Anayang'ana nsapato zake, n'kuyamba kuwomba m'manja.

Ndinamva alongo anga akunong'ona kuti, "Alamu, khalani pansi." Koma amuna anga anali ataimirira kale. Ndikhulupirira kuti mutu wawo unali udakali kumanda. Anawachotsa m'dzenje ntchito ili pakati, dothi lili m'miyendo, ndipo kwa iwo mdzukulu amakhala mdzukulu mpaka atasamba. Anaiwala kuti pamsewu si pamanda.

"Pepani akuluakulu," anatero, mawu ali pamwamba ngati akuseka maliro. "Pakhala kuphonyana pang'ono. Ife tati tamva. Kuvomera sitinavomere. Inu mwakambirana m'tauni, zikomo, koma ogona m'nyumbazi ndife. Tipatseni mpata tikakambirane nafenso."

Sekeretariyo anafunsa kuti munthuyu ndani. Atamva kuti ndi mkamwini wa tsidya, anagwedeza dzanja ngati akuingitsa ntchentche.

"Akuti si inu povo wa kuno," anatero womasulira. "Akuti mukayankhulire kwanu."

Amuna anga anati chabwino. Anawoloka msewu pang'onopang'ono, anthu onse akuwayang'ana, n'kukaima pakati pa abale awo. Anabwereza mawu omwewo, osachotsapo ngakhale limodzi.

"Bambo, mumakhala kuti?" anafunsa wa tayi.

"Uko, kwa akazi anga."

"Ndiye za kuno zikukukhudzani bwanji? Wa kuno amene ali ndi dandaulo alipo?"

Ndinaona apongozi anga aamuna ataweramitsa mutu.

Amuna anga anabwerera, koma sanafike kuno. Anaima pakati pa msewu, kutsogolo kwa tebulo, n'kutambasula manja.

"Kuno akuti ndine wa uko, uko akuti ndine wa kuno. Wosamutsidwa ndine. Ndiye ndiyankhulire pati, akuluakulu? Pamwamba pa tebulopa?"

Anthu anaseka. Kunali kuseka kumodzi, kwakufupi, kochita kuthawa m'kamwa, ndipo kunazima msanga. Msilikali wina amene anatsamira galimoto sanaseke. Anawayang'ana amuna anga nthawi yaitali, kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati telala woyeza munthu ndi maso.

Kamwana kaja tinakaika masana. Nkhani sinatafunidwe, chifukwa asilikali awiri anatiperekeza n'kuima pansi pa mtengo. Ndi tsiku loyamba limene ndinamva makasu okhaokha kumanda.

Amuna anga sanadikire kuti mwezi uthe. Alongo anga anawauza kuti, "Alamu, diso lija silinali labwino, pitani lero." Anatenga bulangete ndi khasu lawo. Ine ndinawakalipira njira yonse mpaka pamsewu, kuti pakamwa pawo patipasulira banja, kuti anthu ena onse anali ndi malilime koma anawasunga. Anangoti, "Amake mwana, nanga ndinanama?" Sananame, ndipo n'chimene chinkandipsetsa mtima kwambiri.

Kuwatsatira sindikanatha. Amayi anga anali gone, osadzuka, ndipo tsidya ine ndikanakhala wothawa nkhondo, wokatayidwa kumsasa kutali. Asilikali anadula mitengo ya m'mbali mwa msewu, natentha udzu, kuti wowoloka azioneka. Tinkaonana chapatali. Ndinkanyamula mwana wamng'ono m'mwamba kuti amuone, iwo n'kumakuwa kuti mutu ukukula ngati wa amalume ake. Kenako mbuzi ya anthu inaphulika pakanjira kotsikira kumanda. Ati mina, bomba lokwirira pansi. Amene anatchera sitinamudziwe. A boma ankati ndi a m'tchire, ndipo a m'tchire sitikanawafunsa.

Kuyambira pamenepo aliyense ankakumbira wake. Bambo kukumbira mwana, mwana kukumbira bambo, zinthu zoti kale ukanangozimva ukanalavula. Pamanda panalibe woseka, panalibe wotsutsa. Nkhani zinkangounjikana, ng'ombe zinayamba kudyerana minda, ndipo mbali iliyonse inayamba kukhulupirira wailesi yake.

Amayi anamwalira m'nyengo yozizira, nkhungu itakuta phiri. Madzulo ake ndinapita pamsewu n'kukuwa mpaka amuna anga anatuluka. Ndinawauza zovutazo. Anavula chipewa.

"Akumba ndani?" anafunsa.

"Alongo anga."

"Ana kukumbira mayi wowabala? Ife tilipo?"

"Musabwere!" ndinakuwa. "Pamsewu pali mfuti, kunjira kuli mina. Ndakupemphani, bambo a mwana, musabwere. Mwamva?"

Anavala chipewa chawo.

"Tamva," anatero.

Ndinawatukwana, ndinawatchula mayina amene mkazi satchula mwamuna wake pagulu, ndinawauza kuti anene mawu enawo, anene kuti avomera. Anangokweza dzanja, n'kulowa m'nkhungu.

Kutacha, tikusambitsa thupi la amayi, tinamva kugunda kumodzi kumunsi kwa minda. Mbale zinalira pathandala. Akazi amene ndinali nawo anayang'anana, kenako onse anayang'ana ine. Ndinamaliza kumanga nsalu kumutu kwa amayi, chifukwa ndinali nditayamba kale.

Amuna anga anali atatsogola, anzawo a tsidya akubwera m'mbuyo ndi makasu. Anzawowo anabwerera, ndipo sindiwadandaula. Iwo anaponda mina, n'kugwera pamalo opserera paja, osati kuno, osati uko. Asilikali anati asapiteko munthu. Alongo anga ndi amuna ena anadula nsungwi zazitali, namanga chingwe, n'kukwawa chamimba mpaka anawakoka. Khasu linabwera nawo, mpini utathyoka.

Malamulo aja ankati munthu aikidwe m'dziko lake, koma panalibe wa tebulo amene anabwera kudzanena kuti dziko lawo ndi liti. Tinawaika kwathu, pafupi ndi apongozi awo. Kumandako tinadzera m'mizere ya kachewere, wina kuponda pamene waponda mnzake. Abale awo anaima tsidya la msewu, akulira chapatali.

Alongo anga anakumba maenje onse awiri. Ndinakhala pansi ndi ana, kudikira kuti wina anene kanthu, awanyoze malemuwo ngakhale pang'ono, anene kuti anali ndi pakamwa ngati chigayo. Munthu amene anaseketsa maliro a mudzi wonse sankayenera kupita chete chotero. Koma kunali makasu okhaokha, ndi kupuma kwa anthu otopa.

Atawatsitsa, ndinakwawa mpaka m'mphepete mwa dzenje. Azakhali anga anandigwira nsalu, poganiza kuti ndikufuna kudziponyamo. Ndinasuzumira, mtima uli wodzaza ndi ukali ndi chikondi, zonse pamodzi.

"Bambo a mwana," ndinatero, "munkafunsa poyankhulira. Malo aja ndi ano. Yankhulanitu."