Dzinja Limene Sikelo Inandikana

M'Baibulo langa muli kachikatoni kakang'ono ka chingwe chofiira. Ana anga amati ndikataye, ati ndi zinyalala. Sindingakataye. Anandimanga nako pa mkono ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu, ndipo manambala amene analembapo, ngakhale pano afufutika, anali kulemera kwa thupi langa.

Tinkakhala ku komboni ya mgodi konkuno ku Bindura, ine mwana mmodzi yekha m'nyumba. Bambo anawatumiza ndi gulu lofufuza miyala kumpoto, ku chigwa cha Dande, kufupi ndi Zambezi. Mvula ya chaka chimenecho inakokolola milatho, malole n'kusiya kupita. Chinatsala ndi kandege ka kampani ina yaing'ono, ka mipando isanu ndi umodzi, kamene kankanyamuka Lachiwiri lililonse ndi makalata, mchere ndi anthu a m'midzi ya kumeneko, n'kubwerako madzulo.

Uthenga unabwera kudzera pa wailesi ya ku ofesi kuti bambo agwidwa ndi malungo aakulu, sakuzindikiranso anthu. A mgodi anatipezera malo awiri, amayi ndi ine. Amalume, achimwene awo a amayi, anatiperekeza pa njinga.

Bwalo la ndege linali udzu wometa basi, ndi kashedi ka malata. Ndimakumbukira fungo la mafuta lolowa mpaka kukhosi, ndi kandegeko kali poteropo, kakang'ono kuposa basi ya ku Harare. M'shedimo munali sikelo ngati yoyezera chimanga. Kalaliki ankayeza chilichonse, katundu ndi anthu omwe, chifukwa kandege kotere ukakalemetsa sikadutsa mapiri. Amayi anakwera, iye n'kulemba. Ndinakwera ine, singano inanjenjemera n'kuima, iye n'kundimanga kachikatoni kaja. Ndinkadzimva ngati munthu wamkulu.

Tili pafupi kukwera, inafika galimoto ya chipatala, anesi n'kutsitsa bokosi loyera. Kalaliki ndi woyendetsa ndege anaitanira amayi pambali. Sindinamve zimene ankakambirana. Ndinangoona amayi akuchotsa thumba lathu la ufa ndi bulangete, kalaliki akupukusabe mutu. Kenaka amayi anabwera n'kugwada patsogolo panga.

"Sikelo yakana, mwanangu. Utsala ndi amalume ako."

Ndinalira mogudubuzika pa udzu. Kandege kanathamanga, kanadzuka mopepesuka ngati kakufuna kugwa, mpaka kanasanduka kadontho. Amalume, pofuna kundiseketsa, anati, "Iwenso kadyedwe kako kaja, ngati munthu wogwira ntchito pansi pa mgodi! Ndege iti ingakunyamule?"

Anali munthu wabwino amalume, Mulungu awasunge kumene ali. Koma lero ndine mayi, ndipo ndimauza aliyense kuti mwana wa mantha samuseka, chifukwa nthabwala amazimeza ngati zoona.

Kuyambira tsiku lomwelo ndinaganiza kuti ndipepuke. Ndinkati bambo akafa ndisanafike, mlandu ndi wa mimba yangayi. Nsima, imene kuno timati sadza, ndinkainyema n'kuibisa m'thumba la diresi, pambuyo pake n'kukaponyera galu wa aneba. Maheu a ku sukulu ndinkapatsa mnzanga. Pochokera ku sukulu ndinkadzera ku chigayo, mwini wake akatembenuka ine n'kudumphira pa sikelo yake kuti ndione ngati singano yabwerera. Pemphero langa linali limodzi: "Ambuye, ndichepetseni."

Lachiwiri linali tsiku loopsa. Kandege kakamadutsa pamwamba pa sukulu, mawindo ankanjenjemera, ine maso ali kunja. Aphunzitsi ankamenya tebulo ndi rula kuti tiyang'ane pa bolodi. Anyamata a m'kalasi ankandizunguza pa nthawi yopuma: "Kandege kanu kaja kali ndi injini imodzi. Ikazima, phii, m'mapiri a Mavhuradonha, afisi n'kumaliza." Madzulo ndinkathamangira ku mpanda wa bwalo kukaona otsika. Ankatsika ena. Amayi ankangotumiza mawu kwa kalaliki akuti, "Akupumabe."

Mlungu wachitatu kandege kanapita koma sikanabwere. Mitambo inali itatsika mpaka kuphimba mulu wa miyala wa pa mgodi. Ndinaima pa mpandapo mpaka diresi inamatirira thupi. M'mawa mwake ndikuchokera kotunga madzi, ndinaona amayi a mvano asanu, onse mu zoyera, akulowa pakhomo pa amalume. Chidebe chinandipulumuka. Ife ana a ku komboni tinkadziwa kuti zoyera pakati pa mlungu ndi maliro. Ndinabisala kuseri kwa chimbudzi, kudikira kuti wina ayambe kulira. Koma anangoimba ndi kupemphera. Kandege kanali katagona ku chigwa chifukwa cha mitambo, ndipo kanatulukira Lachinayi.

Mantha amenewo anandiwonjezera khama. Ndinasiya ngakhale phala. Tsiku lina pa mzere wa m'mawa ku sukulu ndinaona mbendera ikuzungulira, kenaka mdima. Ndinatsitsimuka aphunzitsi akundikupiza ndi kope, akufunsa m'Chishona ngati kwathu kuli chakudya. Amalume anachita manyazi kwambiri. Anandigulira mabanzi, nandinyengerera: "Idya, mayi wanga, amayi ako adzati ndinkakumana." Ndinaluma kamodzi, n'kudikira atuluke.

Pa mlungu wachisanu, chimanga chili ndi ngayaye, chitseko cha kandege chinatseguka ndipo amayi anatsika, atagwira bambo pa mkono. Bambo anali ataonda, kolala ya malaya ikulendewera, maso achikasu, koma ankayenda okha. Ndikayamba kuthokoza Mulungu chifukwa cha tsiku limenelo sindimaliza.

Za bokosi loyera lija ndinadzazimva nditabereka mwana wanga woyamba, amayi akundisambitsira khandalo. M'bokosimo munali mankhwala a malungo. Ku chipatala chaching'ono cha ku chigwa anali atatha, anthu akungogona pansi, bambo ali pakati pawo. Ufa ndi bulangete sizinakwane kulipatsa malo. Woyendetsa anati bokosi lidikire mlungu wamawa, kapena munthu mmodzi atsale. Okwera ena onse anayang'ana kumbali. Amayi ndiwo anati, "Tsitsani wangayu." Jakisoni amene anadzutsa bambo anayenda pa malo anga.

Koma tsiku lija pa bwalo sindinkadziwa zimenezi. Bambo anawerama kuti andinyamule, ofooka choncho, ndipo ndinanyamuka mosavuta ngati mtolo wa udzu. Anayang'ana amalume. "Alamu, mwanayu wapepuka chonchi bwanji?"

Ine ndinatulutsa kachikatoni kaja m'thumba, monyadira, n'kukapereka kwa amayi. "Mukandiyezenso, amayi. Tsopano sikelo siikananso. Ulendo wina simundisiya."

Amayi anayang'ana kachikatoniko, anayang'ana timikono tanga, kenaka anakhala pansi pa udzu wonyowa, pamaso pa kalaliki ndi anthu onse, n'kuyamba kulira mokweza. Ine ndinangoima, kudabwa. Bambo anali moyo, kandege sikanagwe, ndipo ine ndinali nditapepuka monga ndinapempherera. Sindinkaona chimene chinatsala choti munthu alirire.