Chipsera cha pa Injini

Zinayamba Loweruka loyamba la mwezi wa Juni, cha m'ma naini koloko m'mawa. Chifunga chinali chisanachoke ku Chibanja. Ndinalowa m'kashedi kakuseri kwa nyumba kukafuna khasu, koma ndinapezeka ndavundukula lona lomwe linaphimba njinga yamoto ya bambo anga.

Bambo anali mlangizi wa zaulimi. Anachoka kwawo kum'mwera ali mnyamata, nadzakalambira kuno ku Mzuzu akuyendera alimi a khofi pa njinga imeneyi. Nthawi imeneyo n'kuti akukhala nafe. Thupi linali lolimba ndithu, koma maganizo anali atayamba kuwathawa. Masiku ena ankandilonjera ngati mlendo: "Mwaswera bwanji, bambo? Mwachokera kutali?" Ndinkayankha mwaulemu, kenako n'kukakhala ndekha kuseri.

M'mawa umenewo ndinaganiza chinthu chimodzi. Ngati nkhope yanga yawasokonekera, mwina njingayi aizindikira. Ndipo akaikumbukira, mwina akumbukiranso amene ankakhala kumbuyo kwake.

Injini inali itachita mbuu. Aluminiyamu sachita dzimbiri lofiira ngati chitsulo. Amamera kaufa koyera, ngati thukuta louma pa malaya. Ndinamasula zivundikiro za m'mbali ndi mutu wa injini, ndinazitsuka ndi palafini, n'kuyamba kukwecha ndi sandipepa wonyowa. Ntchito imeneyi ilibe phokoso. Madzi a m'beseni ankasanduka otuwa ngati kumwamba kwa tsikulo, ndipo ine ndinkapezeka ndili kutali, ndili mwana, nditakumbatira jekete lonunkha utsi ndi mvula, mitengo ya ku Kaning'ina ikudutsa m'chifunga umodziumodzi ngati anthu osafuna kudziwika. Ndikadzidzimuka, zala zinali zitachita dzanzi ndi kuzizira.

Mlamu wanga, mchimwene wa mkazi wanga, amapenta magalimoto ku Mchengautuwa. Loweruka lina anabwera kudzaona, manja ali m'matumba.

"Monire, alamu. Mwayamba kukwecha mapoto? Mlongo wangayu wakugwirani chomene."

"Ndikufuna kupenta lero, alamu."

"Lero? M'chifunga chino? Penti atuwa ngati mkaka, ndiye mudzati ndakulodzani. Inu a kum'mwera mumayesa dzuwa limatuluka chifukwa mwadzuka."

"Ndinabadwira konkuno ine."

"Nanga bwanji mukunjenjemera ngati mwatsika basi dzulo?"

Tinaseka. Kenako anakhala pa chitini n'kundiuza zochita. Aluminiyamu ndi woterera, penti samugwira payekha. Amafuna kaye penti woyambira, wopyapyala, woti amulume. Ukapukuta ndi thinala, mankhwala osungunulira penti aja, usagwirenso ndi zala. Chitsulo chikhale chofunda komanso chouma: chiwothe mbaula chapatali, kenako upite nacho kutali ndi moto ukapopere. Pa timizere ta mutu wa injini, tomwe timataya kutentha, penti akhale wopirira moto, ndipo angopitapo ngati mpweya.

"Mukathira wambiri, mwaifunditsa bulangeti," anatero. "Idzapsa mtima musanafike n'komwe kumsika."

Pa chivundikiro cha kumanzere panali chipsera chakuya, chotalika ngati chala. Anachikanda ndi chikhadabo.

"Ichi ndiye chikunyansitsa ntchito. Tsekani ndi fila, musalaze. Palibe adzadziwe."

Anandisiyira kachitini ka phala lotsekera maenje lija. Ndinamata, ndinadikira liume, ndinasalaza mpaka chala changa chinkadutsapo osamva kanthu. "Yewo, alamu," ndinamuuza pa foni. Ndinali wokondwa.

Chotsala chinali kudikira nyengo. Miyezi yozizira ku Mzuzu dzuwa limabwera ngati munthu wodzabwereka moto, silikhala pansi. Ndikaliona, ndinkathamangira zitini za penti. Ndikapopera, ndinkapachika zitsulozo ndi waya pa mtengo wa mapeyala. Zinkazungulira pang'onopang'ono mumphepo, zasiliva, mbali ina ikuwala, ina ikuzima. Bambo ankaziyang'ana ali pakhonde, chipewa chili m'maondo, mmene munthu amayang'anira mitambo. Njinga yeniyeniyo ndinaisiya m'kashedi. Ndinkafuna adzaione yathunthu.

Ndinamaliza kumanga zonse kumapeto kwa nyengo yozizira. Lamulungu masana, titachokera kutchalitchi, ndinaikankhira njingayo kutsogolo kwa khonde. Kumwamba kunali kutayera. Injini inkanyezimira moti ndinkaona mtengo wa mapeyala m'chivundikiro chake, utapindika ngati uli m'madzi. Mkazi wanga anawagwira bambo dzanja n'kuwatsitsa pa masitepe.

Anaizungulira pang'onopang'ono. Anagwira chiwongolero, anasisita mpando.

"Yokongola," anatero. "Ndi ya ndani?"

"Ndi yanu, bambo."

Anaseka mwaulemu, mmene umasekera nthabwala ya mlendo. Kenako anagwada mbali ya kumanzere, popanda wowathandiza. Zala zawo zinayenda pa chivundikiro chija, uku ndi uku, kubwerera, kuyambiranso.

"Ayi," anatero motsitsa mawu. "Zangofanana. Yanga ili ndi chipsera apa."

Anagogoda ndi chala pamene ndinamata fila paja.

"Ndinagwa nayo pa matope, njira ya ku Kaning'ina. Mwala unang'amba apa. Kumbuyo ndinali ndi mwana wanga, kamnyamata kakang'ono chonchi." Anaonetsa msinkhu ndi dzanja. "Sanalire. Anangodzuka n'kuyamba kupukuta injini ndi malaya ake a kusukulu, ati njinga yavulala. Mayi ake anandikalipira chifukwa cha malayawo, osati chifukwa cha mwana."

Anaseka mpaka anatsokomola. Panali patapita nthawi yaitali ndisanawamve akulankhula mawu ambiri chonchi. Kugwa kumeneko ine sindikukumbukira. Ndimakumbukira jekete ndi mitengo basi.

"Mwana wosamala zinthu ameneyo," anandiuza, akundiyang'ana m'maso. "Mukanamuona, bambo."

"Ali kuti tsopano?" ndinafunsa.

"Ali kusukulu. Abwera."

Mkazi wanga anatembenukira kumaluwa ake. Tinawadzutsa bambo, n'kuwasansa fumbi m'maondo. Akukwera masitepe anacheuka kamodzi, natinso, "Yokongola ndithu. Mwini wake ali ndi mwayi."

M'mawa mwake ndinatumiza uthenga kuntchito kuti ndichedwa. Ndinamasula chivundikiro cha kumanzere, n'kukhala nacho pa chitini. Ndi nsonga ya kampeni ndinayamba kutokosa fila uja pang'onopang'ono, kuopa kuwonjezera chipsera changa pa chawo. Ankachoka timagawo tating'ono, mpaka mzere wonse unatuluka, wakuya kumayambiriro, wopyapyala kumapeto kumene mwala unatsetsereka. Ndinapukuta ndi thinala, ndinapakamo vanishi woonekera, wochepa kwambiri, woti kaufa koyera kasabwererenso koma chala chizimvabe dzenje. Atauma ndinamanganso, ndinakankhira njingayo pamene bambo amawothera dzuwa, mbali ya kumanzere italoza kumpando wawo. Kenako ndinalowa kukawatengera tiyi.