Chitini cha Mkaka Chimene Ndinachithamangira pa Ngolo

Ndinanyamuka ku Mponela Lachisanu m'mawa, mwezi wa Julaye, patapita chaka chichitikire chisankho chija cha zipani zambiri. Ulendo unali wa kumapiri a Ntchisi, ku chinkhoswe cha Esinta, mwana wa mng'ono wanga. Ine ndine Nambewe, wa kaunjika mumsika wa Mponela, ndipo ndimadwala shuga. Ndanena msanga chifukwa munthu wa shuga sayenda ngati anzake. Ena akatenga chitenje ndi mswachi, basi anyamuka. Ine ndimalongedza ngati wothamangitsidwa ku ukwati.

M'chikwama munali kamphika kadothi kodzaza mchenga wonyowa, momwe ndinkakwirira kabotolo ka insulini kuti kasatenthedwe. Munali majekeseni atsopano ochepa, maswiti, nsalu ya mphatso, ndiponso chitini. Chinali chitini chachikulu cha mkaka wa ufa, chojambulidwa ng'ombe yonenepa, koma mkakawo unatha kalekale. M'menemo ndinkaponyamo majekeseni amene ndathana nawo. Asisitere a pa chipatala cha mishoni ku Mtengowanthenga anandiuza mawu osabwereza: "Amayi, singano yobayira kale isapite kudzala, isapite kutchire. Ana amatola n'kumasewera zaudokotala. Chitini chikadzaza mubwere nacho titenthe mung'anjo, ndipo atsopano ndikupatsani ndikachiona." Zaka zimenezo maliro anali ochuluka, ndipo singano yokhala ndi magazi a munthu wina aliyense ankaiopa. Chitini changa chinatsala pang'ono kudzaza. Kuchisiya kunyumba sindikanatha, pakhomo panali tiana ta alendi tosegula chilichonse.

Pa siteji ya matola a ku Ntchisi ndinapeza pikapu imene mwina inayamba kuyenda nthawi ya atsamunda. Ndalama inali makwacha khumi ndi asanu, mutakhala pa thumba la feteleza kapena pa mwendo wa munthu, mtengo womwewo. Titangosiya phula, msewu unayamba kutivinitsa, ndipo chitini changa chinayamba kuyimba: tsekeche, tsekeche, tsekeche.

"Amayi, mwanyamula chisekese? Kwaya yanu ndi ya mpingo uti?" anafunsa bambo wina wa chipewa cha ubweya.

"Ndi zanga," ndinatero.

"Masiku ano kulibe zobisa, ndi demokalase," anayankha, anthu n'kuseka.

Chaka chimenecho demokalase inali ngati mchere, inkalowa paliponse. Wina akakuponda phazi, demokalase. Dalaivala akaima kuti akamwe thobwa kwa mlamu wake, demokalase. Anthu amene anakhala chete zaka makumi atatu anali kulipira ngongole ya kulankhula, ndipo tsiku limenelo anasankha chitini changa. Mayi wina anati ndi zitsulo za makina osokera. Wa chipewa uja anati ndi ndalama zachitsulo zimene chipani china chinkagawa. Ndinapsa mtima, koma kufotokoza za majekeseni pa pikapu ndiye bwenzi nditapatsidwa mzere wa odwala. Kumudzi munthu wonyamula jekeseni ndi dokotala basi, afune asafune.

Tinafika pa boma la Ntchisi dzuwa lili paliwombo, tonse tofiira fumbi. Ndinadya mbatata yootcha ndi mtedza, kenako ndinachita chinthu chimene ndinkati ndi nzeru. Ndinagula thonje pa golosale n'kulithira pamwamba m'chitini kuti chileke phokoso. Chivindikiro ndinachimata ndi selotepu kuzungulira konse, n'kuchikulunga m'pepala lakhaki. Nditachigwedeza chinali zii, cholemera bwinobwino. Ndinadziyamikira ndekha pakhonde la golosale paja, wopusa ine.

Kuchoka pa boma ndinakwera lole yopita kukatenga matabwa cha kunkhalango. Msewu umakwera n'kutsika, kukwera n'kutsika, mphepo yake yolowa m'mafupa. Minda ya fodya inali itazulidwa kale, kutsala mapesi a chimanga ndi zigafa zopanda kanthu. Ndinatsika pa mtengo wa mkuyu madzulo, ndipo ndisanaponde bwino pansi chikwama chinali chitachoka kale m'manja mwanga. Kwathu mlendo sanyamula katundu wake, amamulandira. Chikwama chinatsogola pamutu pa mng'ono wanga, mayi a Esinta, ine n'kumatsatira m'mbuyo ndi malonje.

Loweruka chinkhoswe chinayenda bwino. Akuchimuna anachokera kuseri kwa phiri, ndipo anabwera dala ndi tambala woyera, osati wakuda ngati wa chipani chakale chija, kuti pasakhale wonena kuti alowetsa ndale. Nkhoswe ya kwathu anali achimwene anga a Mbewe, ya kwawo a Chisale, bambo wamtali wolankhula ngati akuwerenga chilamulo. Mayi a mnyamata wokwatirayo, a Nachisale, anali gogo wamng'ono thupi, maso otuwa ndi ng'ala, wozindikira zinthu ndi zala. Nthawi yopatsana mphatso inandipeza ndili kuseri kwa nyumba ndikudya, poti shuga sadikira mwambo. Ndinangomva wolengeza akufuula, "Amayi aakulu a ku Mponela!" kenako nthungululu zogwetsa udzu padenga. Ndinati, ha, nsalu yanga ija yawasangalatsa chonchi?

Dzuwa litapendeka, alendo atapita, ndinadzibaya ya madzulo n'kupisa m'chikwama kuti ndiponye jekeseni imene ndinkabayira chifikire. Chitini mulibe. Ndinakhuthula zonse pamphasa. Mulibe.

"Mayi a Esinta, chitini changa chili kuti?"

"Cha mkaka chija? Achemwali, mwatichotsa manyazi! Mphatso zathu zinali zochepa, lichero, mthiko ndi timbale. Nditaona mwachikulunga bwinobwino ndinadziwa kuti ndi cha asewele. A Nachisale achifungatira ngati khanda."

Mayo ine! Ndinaona m'maganizo zala za gogo uja, zija zoona m'malo mwa maso, zikulowa m'chitini kufuna kumva kusalala kwa mkaka. Ndinakalipa mpaka nkhuku zinatsika pachisa. Ndinafuna kunyamuka pomwepo, koma achimwene anati njira ya kuphiri mdima ukagwa ndi ya afisi. Anawonjezanso china chimene chinandiwawa kuposa afisiwo.

"Mlongo, mphatso ya pa chinkhoswe siibwezedwa. Ukangoti bweretsani, ndiye kuti wati ukwati palibe. Nkhani iyende ndi ankhoswe. Ine ndiyamba ndalankhula ndi a Chisale, iwe ukhale chete mpaka ndikupatse mpata."

"Nanga akatsegula?"

"Mkaka wa m'chitini? Anthu aja adikira Khirisimasi."

Lamulungu kusanache bwino tinakwera ngolo ya mnansi, poti njinga ya achimwene inalibe tcheni chiyambire chisankho. Mwini ngolo anati timupatse makwacha asanu, ndipo anatichenjeza kuti ng'ombe zake Lamulungu sizithamanga. Ananena zoona. Sindinaonepo changu chikuyenda pang'onopang'ono chotero. Amayi opita kutchalitchi ankatipitirira wapansi n'kutipatsa moni wachifundo. Pa mtsinje ng'ombe zinaima kumwa madzi, imodzi n'kuyamba kuganiza za moyo wake. Pa chitunda chomaliza mwini wake anati titsike tizikankha, ndipo ndinakankha ngolo imene ndinalipira, ndili nditabaya kale insulini, m'mimba muli kachidutswa ka chinangwa kokha. Maswiti anga anali atatha dzulo lake m'kamwa mwa ana a pa chinkhoswe.

Tinafika dzuwa litakwera. A Nachisale atamva kuti kwabwera mwini mkaka anasangalala kwabasi. Anatiyalira mkeka pakhonde, n'kuitana mpongozi wawo, mkazi wa mwana wawo wamkulu.

"Tereka madzi a tiyi! Ndimati titsegule pa Khirisimasi, koma asewele abwera okha. Alawe mkaka wawo."

Mwamva? Chitini chimene chikanakhala pamwamba pa kabati mpaka Disembala chinatsitsidwa chifukwa ine ndinachithamangira. Gogo anachiika pamiyendo, anatenga kampeni, n'kuyamba kufufuza ndi chala pamene selotepu yayambira. Nthawi yomweyo moni anayamba. Kumeneko moni sapereka wa chigulu. Aliyense amabwera payekha, kugwada, kuwomba m'manja, kufunsa achimwene, kenako kufunsa ine. Ndinkayankha "tili bwino, kaya inu" maso ali pa kampeni. Ndinatsina achimwene. Iwo anakonza kukhosi n'kuyamba: "A Chisale, paja akulu anati mlendo ndi mame..." Anayambira kutali, abale inu, anayambira pa mvula ya chaka chatha.

Selotepu inalira kuti tswee. Chivindikiro chinatukuka mbali imodzi. Kamdzukulu kena kokwawa kanagwira bondo la gogo n'kuimirira, kukamwa kuli yasa.

Za mwambo ndinaziiwala. Ndinalumpha mkeka, ndinagubuduza beseni la madzi osamba m'manja, n'kutsomphola chitini pamiyendo ya asewele anga ndikukuwa, "Musapisemo!"

A Chisale anaimirira pang'onopang'ono, utali wawo wonse.

"A Mbewe, kodi kwanu mphatso mumapereka Loweruka n'kulanda Lamulungu? Ngati mwana wathu simukumufuna, nenani, tambala wathu tikatenge."

Ndinafuna kuyankha, koma lilime linalemera. Manja anayamba kunjenjemera, thukuta lozizira kutsika m'khosi. Shuga anali atatsika chifukwa cha ngolo ija. Ndinakhala pansi chitini ndili chikumbatire, n'kunena, "Ndipatseni shuga."

"Ayi!" anakuwa achimwene. "Musamupatse! Amadwala shuga ameneyu, mukufuna afere pano?"

"Shuga, achimwene, msanga!"

"Mwaona? Matendawa amachita kuitanitsa okha."

A Nachisale sanafunse munthu. Anakwawira m'nyumba, anabwera ndi kambale ka shuga, anathira masupuni osawerenga m'kapu ya madzi ofunda n'kundimwetsa okha, dzanja lina atandigwira kumsana. "Munthu akudziwa thupi lake," anatero. Patapita kanthawi maso anayera, khonde linaleka kuzungulira.

Ndipamene ndinatsegula chitini ndekha. Ndinauza amayi kuti anyamule ana, ndinachotsa thonje ndi kamtengo, n'kupendeketsa kuti onse aone. Majekeseni anali thothotho, masingano atayang'ana mbali zonse. Mpongozi uja anagwira pakamwa. A Chisale anasuzumira nthawi yaitali, mkwiyo ukusanduka chidwi.

"Awatu ndi abwinobwino," anatero. "Kuno kuli mkulu wina amabaya anthu a malungo, singano yake ndi imodzi, amachita kunola pamwala. Mutatisiyirako khumi, tingawiritse."

"Ngakhale imodzi," ndinayankha. "Izi zalowa m'thupi mwanga, zatha ntchito. Kwatsala moto basi."

Gogo anapempha kuti amve kulemera kwake. Ndinatseka chivindikiro mwamphamvu n'kuwapatsa. Anachinyamula ndi manja awiri, anachigwedeza pafupi ndi khutu, tsekeche, tsekeche.

"Asewele, zonsezi zinalowa mwa inu?"

"Eya. M'mawa ndi madzulo."

"Tsiku lililonse? Amakubayani ndani?"

"Ndekha."

Anafufuza dzanja langa n'kulisisita. "Kalanga ine. Ndiye mumangoseka nafe ngati palibe kanthu."

Ndinalira, sindibisa. Zaka zonse zimene ndadwala, abale anga ankangoti Nambewe anadya shuga wambiri m'tauni. Panalibe anandifunsapo funso limenelo, ngakhale achimwene amene anakhala apo akuyang'ana zala za kumapazi.

Mlandu unaweruzidwa ndithu, poti a Chisale sakanalola kuti tsiku lipite chabe. Anagamula kuti mphatso inalengezedwa pagulu kuti ndi mkaka, choncho mkaka uyenera kufika ukwati usanachitike. Chitini ichi chituluke m'mudzi ngati katundu wosochera. Tinamwa tiyi wopanda mkaka, wanga wopandanso shuga, zomwe zinasokoneza achimwene kotheratu. Pobwerera a Nachisale anatiperekeza mpaka kumtsinje, ndipo anakana kuti mlendo anyamule katundu. Chitini chinayenda pamutu pawo, pa nkhata, iwo akuuza aliyense wokumana naye kuti apatuke.

Lolemba ndinakwera lole ya matabwa ija kubwerera pa boma, kenako pikapu yomwe ija mpaka ku Mponela, chitini chili pamiyendo, pepala lakhaki nditataya. Wina atafunsa kuti muli chiyani ndinayankha mokweza kuti majekeseni akale a munthu wodwala. Ndinapeza malo okwanira anthu awiri. Pa Mponela ndinakwera minibasi mpaka ku Mtengowanthenga, ndipo asisitere anandiperekeza kung'anjo kuseri kwa chipatala. Wantchito anachiponya mkati ndi fosholo, ng'ombe yonenepa ija n'kuda nthawi yomweyo. Ulendo wonse uja unathera pamenepo.

Chimene ndinaphunzira n'chakuti chinthu choopsa usachiveke zovala za mphatso. Kuyambira pamenepo majekeseni anga ndimaponya m'chigubu cholimba chotsekera chopota, chimene ndinachipaka penti yofiira mpaka chinanyansa, ndipo ndikafika pakhomo pa eni ndimanena ndisanakhale pansi kuti ichi chokha musandilandire.

Mkaka weniweni ndinakapereka pa ukwati wa Esinta. A Nachisale anachilandira chitinicho ndi manja awiri, anachigwedeza pakhutu, n'kumvetsera nthawi yaitali. Kenako anandikokera pambali n'kunong'ona: "Asewele, mwabaya kale ya m'mawa? Bwerani mudye kaye, anthu awa achedwa."