A Chimphamba Anatseka Buku Elina Asanawoloke

A Ellard Chimphamba kwawo kunali ku Ntcheu. Boma litawatumiza kukaphunzitsa pasukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Nkhudzi, anafika ndi sutikesi, njinga ndi akazi awo a Enid. Za nyanja analibe nazo ntchito, moti zaka zonse zimene anakhala kumeneko sanakwerepo bwato. Tayi ankamanga ngakhale dzuwa likuswa mtengo, khadi la chipani lili m'thumba la malaya kuti ayufi asawatayitse nthawi pamsika.

Matenda a sukuluyo anali kutha kwa ana. Nsomba zikachuluka, anyamata ankathawira kugombe kukakoka khoka. Atsikana ankatha mwakachetechete: lero alipo, mawa mwangomva kuti wakwatiwa. Aphunzitsi ena ankalimbana nazo ndi chikwapu. A Chimphamba ankalimbana nazo ndi buku.

Linali buku limodzi lokha la nkhani yaitali, chikuto chake chomatidwa ndi phala, ndipo ankaliwerenga mokweza Lachisanu lililonse. Akawerenga pang'ono ankaima.

"Apa mukumva chiyani m'mimbamu? Mantha? Chisoni? Nanga wolembayu wachita chiyani kuti mumve choncho?"

Ana ankayankha kuti wazimitsa nyale, waliritsa galu, watseka anthu pakamwa.

"Eyaa! Umenewo ndiwo mtima wa nkhani," ankatero a Chimphamba. "Tsono nkhani imakwera ngati msewu wa kwathu ku Ntcheu. Pamwamba penipeni, pamene zinthu ziyenera kugwera uku kapena uko, pamenepo ndiye pachimake."

Koma pachimakepo sankafikapo tsiku lomwelo. Mitima ya ana ikangofika m'khosi, buku phaa! "Sabata yamawa." Ana ankadandaula, ena mpaka kutukwanira mumtima m'Chiyao, koma Lachisanu linalo mabenchi ankadzaza. Anthuni, nyambo imeneyi inkagwira kuposa chikwapu, ndipo a Chimphamba ankadzitama nayo mpaka aphunzitsi anzawo kutopa nawo.

Chaka china mu Sitandade 7 munali mtsikana wakuthwa mutu dzina lake Zena. Iye ndiye ankayamba kununkhiza pamene nkhani ikukhotera, anzake akadali kukamwa yasaa. A Chimphamba ankamuonera kale malo kusekondale, akangokhala chaka chimodzi chotsalacho n'kulemba mayeso. Kenaka kunamveka mphekesera yoti amjomba ake, alongo a mayi ake, amene anali ndi mawu pa iye, alandira bambo wina womufunsira ukwati, wochokera ku Joni ndi wailesi ndi njinga yatsopano.

A Chimphamba anaimva mphekeserayo. Kwa amjombawo sanapiteko. "Ndife obwera ife, za m'mabanja a eni mudzi sitilowerera," anauza a Enid. Iwo anadalira nyambo yawo.

Buku lija linkakamba za mayi wina dzina lake Elina, amene anathawa mwamuna wankhanza, mwana ali kumbuyo. Tsiku lotsekera chaka, mu Julaye, nkhani inamufikitsa Elina pamtsinje wosefukira, abale a mwamunayo akumveka m'tchire kumbuyo kwake. Analowetsa phazi limodzi m'madzi. Phaa!

"Tidzatsiriza mu Okutobala, mu Sitandade 8."

Ana anakuwa, anaseka, n'kubalalika. Zena anatsala ataima pakhomo.

"Aphunzitsi, ndapota nanu, tsirizani lero. Masamba atsala ochepa."

"Iwe Zena, ukufuna kudziwa? Ubwere mu Okutobala."

"Ingondiuzani basi, anawoloka kapena ayi?"

"Mu Okutobala," anatero a Chimphamba akumwetulira, mumtima akuti mbedza yakola.

Mbedza yanji! Kubwera kapena kusabwera sikunali m'manja mwa mwanayo, ndipo iye ankadziwa zimenezo pamene ankapempha. Sukulu itatsegulidwa, pamalo pake panakhala mwana wina. A Chimphamba anawerengera pachimake amene analipo, anawo anaomba m'manja, chaka chinapitirira. Zinawawawa ndithu, osanama, koma ana otha anali ambiri, ndipo munthu sangalire onse.

Anaphunzitsa mpaka imvi mbuu. Atapuma ntchito anamanga kanyumba kwa Mponda, chifukwa a Enid anakanitsitsa kubwerera kuchisanu cha ku Ntcheu. Tayi sanaisiye. Tsiku lina akusankha utaka wouma mumsika wa pa boma, mayi wogulitsayo anawayang'anitsitsa.

"Aphunzitsi a Chimphamba! Ndine Zena, wa ku Nkhudzi uja."

Anapatsana moni wautali. Zena anawauza kuti ana ali nawo, awiri aakazi ndi otha msinkhu kale, ndipo bambo wa wailesi uja anabwerera ku Joni osatumizanso mawu. A Chimphamba anapepesa monga amapepesera anthu. Zena anayamba kukulunga nsombazo m'pepala la simenti, ndipo anafunsa maso ali pa pepalapo.

"Aphunzitsi, Elina uja anawoloka?"

Bukulo anali ataliwerenga kambirimbiri, moti yankho linangotuluka lokha.

"Anawoloka, mayi. Madzi anamufika m'khosi, mwana anachita kumusenza pamutu, koma anawoloka. Omuthamangitsa aja anaopa madzi, anatsala tsidya lomwelo."

Manja a Zena anaima.

"Anawoloka," anabwereza chapansipansi. "Ayi, zikomo. Ine nkhani imeneyi ndawafotokozera ana anga onse, atsikanawo kuposa. Ndimachita monga munkachitira inu, kuwafunsa kuti akumva chiyani m'mimba. Koma mathero ndinalibe, ndiye ndinaika amene ndinkawadziwa. Ndimawauza kuti anamugwira."

Anawonjezera kautaka pang'ono pamwamba, anawapatsa ndi manja awiri, n'kutembenukira kwa wogula wina.