Gaita Imene Inatsala

Ndinadzuka kusanache, ngakhale sindinganene kuti ndinagona. Amuna tinali pa mphasa kubwalo kwa nyumba ya achimwene ku Canongola, ndipo nthaka inali ikadali yofunda ndi dzuwa la dzulo lake. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo amene anakhalapo ku Tete amadziwa kuti mwezi umenewu usiku subweretsa mpumulo. M'nyumba amayi anali atayimba mpaka mawu kusasa. Tsopano ankangong'ung'udza.

Womwalirayo anali mkulu wanga, Fabião. Chifuwa ndi chimene chinamutenga. Nkhondo itatha anabwerera kuchokera ku msasa wa othawa kwawo ku Malawi, koma sanapite kumudzi kwathu ku Angónia chifukwa minda inali isanachotsedwe mabomba. Anakhazikika mu mzinda nayamba kukonza njinga. Ine zaka zonsezo ndinali ku Beira, kulemba nkhani m'nyuzipepala. Anasiya mkazi, amene ndi mlamu wanga, ndi mwana mmodzi wamkulu, Luzia, wogulitsa nyemba pa msika.

Anthu sankamudziwa chifukwa cha njinga. Ankamudziwa chifukwa cha gaita, kachitsulo koyimbira pakamwa, kotalika ngati chikhatho, kokhala ndi mabowo khumi. Ukauzira kamalira mawu ena, ukakoka mpweya kamalira enanso. M'kati muli timalilime ta mkuwa timene anatichuna kale kufakitale, ndipo woyimba sangatisinthe. Zambiri zimene zimagulitsidwa zimakhala za mawu owala, amene Apwitikizi amati maior. Achimwene anali ndi ziwiri. Ina inali yotero, ya pa ukwati ndi pa mowa. Inayo inali ya mawu olemera, menor, ndipo inali ya maliro basi.

Anandiuza okha mmene anaipezera. Ku msasa anthu ankafa kwambiri, makamaka nthawi ya mvula. Pali nyimbo ina ya kwathu yonena za munthu amene anatsekera chitseko ndi mwala poganiza kuti abwerako mawa. Iwo ankayesa kuiyimba pa gaita wamba, koma nyimboyo inkatuluka ngati ikuseka. Anafunafuna kwa nthawi yaitali. Tsiku lina anakwera lole kupita ku Limbe, napeza munthu wogulitsa zinthu zakale ali ndi katoni ya magaita. Anayamba kuuzira imodziimodzi mpaka mwini katundu anadandaula za malovu. Pafupi ndi pansi pa katoni anapeza imene inalira m'mene ankafunira. Kuyambira pamenepo maliro a anthu akwathu sankatha popanda iwo, ku msasa ngakhalenso kuno.

Achimwene ali gone pa mphasa ndi matenda, analamula chinthu chimodzi pamaso pa ine, mlamu ndi Luzia. Anati ya ukwati tiwaike nayo m'bokosi, chifukwa kumene akupita akufuna akasangalale. Ya maliro itsale ndi Luzia, amene anamuphunzitsa, ndipo adzawayimbire nyimbo ija pamanda. Anawonjezera kuti maliro sadzatha.

Kum'mawa kutangoyamba kufiira, amayi oyandikana nawo anakoleza moto kuseri kwa mpanda. Anthu a ku msika anali atabweretsa nyemba, kabichi ndi mbatatesi, ndipo anyamata ankasenda mbuzi pa nthambi ya msawu. Ndikuyang'ana zimenezi, Luzia anandikoka malaya. Ankanditchula kuti Tiyu, mawu ochokera ku Chipwitikizi otchulira m'bale wa bambo.

"Tiyu, tabwerani kuno."

Tinapita kuseri kwa khola la mbuzi la aneba. Anatulutsa gaita m'kansalu, naiphimba ndi manja kuti isamveke patali, nauzira pang'ono. Mawu anatuluka owala, opepuka.

"Mwamva?"

"Ndamva."

"Iyi ndi ya ukwati, Tiyu."

Sizinanditengere nthawi kuti ndidziwe mmene zinachitikira, popeza kufunsa anthu ndi ntchito yanga. Dzulo lake masana, adzukulu, amene kwathu ndiwo amasambitsa thupi ndi kukumba manda, ananena kuti chifukwa cha kutentha bokosi litsekedwe tsiku lomwelo. Magetsi ankazimazima ndipo tinalibe pozizira poti n'kusunga thupi. Luzia anali atapita kukachingamira abale ochokera ku Tsangano. Ine ndinali nditapita kukafuna lole. Adzukulu atafunsa za gaita, mlamu analoza chitini chimene chinali pansi pa bedi uku akulira. Mkulu wa adzukulu anatsegula natenga imene inali pamwamba. Magaita awiriwo anali ofanana ngati mapasa, onse osupuka utoto, onse opindika m'mbali. Chilembo chimene chimadindidwa kumapeto chinali chitafufutika kalekale ndi chala cha mwini wake. Panalibe amene anaganiza zouzira, chifukwa palibe amene amayimba gaita m'chipinda momwe mwagona mtembo.

Ndinapita kwa mkulu wa adzukulu. Anali munthu wa kumudzi kwathu, wogulitsa tomato, ndipo anali atangofika kuchokera ku manda kudzatenga madzi a okumba. Adzukulu ndi okhawo amene amaloledwa kuchita nthabwala pamaliro, ndipo iye sankataya mwayi umenewo.

"A Jornalista! Mwabwera kudzatilemba? Mulembe kuti nthaka ya ku Tete ndi mwala, ndipo chai satipatsa."

Ndinamufotokozera, n'kupempha kuti atsegule bokosi. Anamvetsera mpaka kumapeto, akupukuta khosi ndi chipewa.

"Bokosi si nyuzipepala, yoti mukalakwitsa lero mukonza mawa," anatero. "Msomali ukalowa, walowa. Mukatsegula ndiye kuti mukuitana wina kuti atsatire."

Ndinati mwambo uli ndi eni ake, ndipo eni akewo ndi ife. Ndinati ndi misomali ingapo chabe. Anayang'ana kumene kunali Luzia, natsitsa mawu.

"Bambo, ndi dzuwa la dzulo lija, mukufuna mwanayo aone zimene zili m'menemo?"



Ndinaganiza kuti mzinda wonse wa Tete sungakhale ndi gaita imodzi yokha yotere. Ndinauza Luzia kuti adikire, ndipo ndinanyamuka. M'maloja, masitolo a pakati pa mzinda, katundu anali atayamba kubwerera m'mashelefu, mabeseni, mabatire, nyali. Mu loja ina ndinapeza magaita atsopano m'timabokosi tofiira. Ndinapempha kuti ndione mapeto ake. Onse anali ndi chilembo chimodzi, onse a mawu owala. Mwini loja anati aka kanali koyamba kumva kuti ilipo ya mtundu wina, ndipo anandifunsa ngati si nkhani ya kauziridwe chabe.

Munthu wina pakhomopo ananditchulira msilikali wakale wa ku Matundo amene amayimba gaita. Ndinakwera chapa, kaminibasi ka mu mzindamo. Pa mlatho tinaima nthawi yaitali kudikira malole opita ku Malawi, amene tsopano ankayenda okha popanda asilikali owaperekeza. Mtsinje wa Zambezi unali utachepa madzi, mchenga uli mbee pakati. Msilikaliyo ndinamupeza akusoka nsapato pansi pa mlambe. Anali munthu waulemu. Anandipepesa, nalowa m'nyumba natulutsa yake. Inali ya mawu owala nayonso, ndipo mabowo awiri anali atafa. Anati a Fabião ankawadziwa, ndipo iye mwini anali atafunapo yotero osaipeza. Anavula epuloni nanena kuti tipitire limodzi ku maliro.

Pamene tinkafika, anthu anali atadzaza bwalo mpaka mumsewu. Chisakasa anali atachimanga ndi malona a pulasitiki a buluu amene mabanja anabwera nawo kuchokera ku msasa, ena akadali ndi zilembo. Kunabwera amayi a ku tchalitchi, ogulitsa pa msika, anthu a njinga, ndi Anyungwe oyandikana nawo amene nyimbo zathu sankazidziwa koma anakhala pansi limodzi nafe. Mphepo yotentha inkaulutsa phulusa la pa moto. Ndinamva anthu angapo akuuzana kuti mwana wa malemu ndiye ayimbe lero. Ambiri mwa iwo anaika ana awo kapena makolo awo ndi nyimbo imeneyo kutsidya kwa malire, ndipo anabwera kudzaimvanso.

Luzia anali akadali kuseri kwa khola, milomo itatupa. Anali atapeza njira. Akayambira pa bowo lachinayi, mokoka mpweya m'malo mouzira, nyimbo inkada ndithu n'kuyamba kufanana ndi yeniyeni. Koma pali malo amodzi, pamene nyimbo imatsika pa mawu onena za mwala uja. Pamenepo gaita ya ukwati inkakwera. Bambo ake ankatha kupinda liwu ndi kukhosi kuti litsike, luso limene anaphunzira zaka zija asanapeze inayo. Luzia sanaphunzire, chifukwa pa gaita ya maliro liwulo linalipo kale. Msilikali uja anayesa kumulangiza kuti atsitse lilime ngati akumeza. Luzia anayesa. Liwu linanjenjemera n'kubwerera pomwe linali. Munthuyo anati iye zinamutengera chaka.

"Tiyu, ndiyimbe kapena ndisiye?"

Ndakhala ndikulemba zimene anthu ena anayenera kuchita kwa zaka zambiri. Tsiku limenelo ndinangoti sindikudziwa. Tinagwirizana chinthu chimodzi, kuti mayi ake tisawauze.

Tinanyamuka dzuwa lili paliwombo. Bokosi analikweza pa lole ya munthu wina wa mbatatesi, amayi atakhala mozungulira, ife tikuyenda pambuyo. Fumbi linkatilowa m'mano. M'njira anthu ankatsika pa njinga, ndipo amisiri amene ankamanga khoma la sukulu anaika pansi zipangizo zawo mpaka titadutsa. Luzia ankayenda pambali panga, dzanja lili m'thumba. Ndinkayang'ana bokosi likugwedezeka pa mabampu, ndikudziwa kuti chinthu chimene takhala tikufuna m'mawa wonse chili pomwepo, kuseri kwa thabwa limodzi.

Ku manda kulibe mthunzi. Mitumbira yatsopano inali yambiri, ina yokhala ndi mitanda ya matabwa a makatoni. Adzukulu anali atakumba ndi mapiki, ndipo mulu wa pambali unali wa miyala kuposa dothi. Katekisita anapemphera mwachidule chifukwa nkhalamba zinali zitayamba kulefuka. Anatsitsa bokosi ndi zingwe. Kenako anthu anapatuka, nasiyira Luzia malo kumutu kwa dzenje.

Anayamba bwino. Koma liwu loyamba litangotuluka, mlamu anadzutsa mutu. Anakhala ndi magaita awiriwo m'nyumba zaka zambiri, ndipo sanafunike kuuzidwa. Anayang'ana mwana wake, nayang'ana m'dzenje, nagwira pakamwa.

Luzia atafika pa malo aja, liwu linakwera, lowala ngati la pa ukwati. Ndinaona anthu akuyang'anana. Iye sanaime. Atabwereza ndime, pofika pomwepo anachotsa gaita pakamwa, nadikira kamphindi kokwanira liwulo, napitiriza. Anachita chimodzimodzi mpaka kumapeto. Nthawi iliyonse khamu lonse linkadikira liwu limene linkalidziwa, ndipo m'malo mwake tinkamva mphepo ndi kulira kwa mbuzi kutali. Mayi wina wokalamba anatsegula pakamwa ngati afuna kuliyimba yekha, koma anatsekanso. Nyimbo imeneyo pamanda inali ya gaita, ndipo palibe amene anadziwa ngati n'kololedwa kuithandiza.

Itatha, adzukulu anayenera kuyamba kukwirira. Mkulu wawo anaima ndi fosholo, chipewa chili m'manja, akuyang'ana pansi. Pamaliro ena apa ndi pamene amanyoza anamfedwa kuti aseke pang'ono. Sananene kanthu. Mnzake anachita kumugunda ndi chigongono, ndipo dothi loyamba linagwera pa thabwa.

Pobwerera tinasamba m'manja pa chipata monga mwa mwambo. Anthu anadya, natsanzika. Palibe amene anatchula za nyimbo, kupatula msilikali uja, amene anagwira Luzia dzanja nthawi yaitali asanapite kukakwera chapa. Eni malona anamasula malona awo, aliyense akuzindikira lake ndi zigamba. Mlamu anakhala pakhomo la chipinda. Nditadutsa anati, "Ndine ndinaloza, alamu." Ndinati sanali iwo, linali dzuwa. Sindikudziwa ngati anandimva.

Dzuwa likulowa kunafika bambo wina pa njinga kuchokera ku Chingodzi. Anagwada pa chipata, napepesa kawiri, chifukwa cha maliro athu ndi chifukwa chobwera tsiku lotere. Mayi ake anali atamwalira masana omwewo. Ku msasa a Fabião anayimbira bambo ake, ndipo mayiwo ankanena nthawi zonse kuti nawonso adzawayimbire. Bamboyo anali atamva kuti mwana wa a Fabião anatengera luso.

Luzia anamuuza zoona, kuti gaita ya maliro yapita ndi mwini wake, ndipo imene yatsala ikusowa liwu limodzi. Bamboyo anayang'ana tayala la njinga yake.

"Ngakhale choncho, mayi," anatero. "Kulibe kwina koti ndipite."

Luzia anafunsa njira ya kunyumba kwawo.

Bamboyo atachoka, pabwalo panatsala mphasa zopindapinda, mafuwa akuda ndi migolo yovundikira. Abale a ku Tsangano anagona msanga chifukwa cha ulendo. Njinga ziwiri za makasitomala zinali zitatsamira khoma, imodzi yopanda tcheni, monga anazisiyira achimwene. Ndinakhala pa benchi lawo. Kuseri kwa nyumba ndinamva Luzia akukoka liwu limodzi lomwe lija, ataphimba ndi nsalu kuti mayi ake asamve. Linkanjenjemera, n'kubwerera. Anayesa kangapo, kenako analeka. M'nyumba munali zii, ndipo kutali malole ankamveka akuwoloka mlatho.